Bokosi Langa, Dzina la Eni

Chelstone, Lusaka
9 Febuluwale 2004

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu pamodzi ndi Amayi. Maso aja akupezako bwanji? Mankhwala odontheza aja musamadumphitse, ngakhale mukuti amaluma. Ine ndili bwino, azakhali a Becky ndi amuna awo ba Bwembya ali bwinonso. Kuno aliyense wamkulu ndi "ba", ndazolowera kale. Mvula ikugwa mosalekeza, m'tauni madzi amafika m'akakolo.

Ntchito ndaipeza. Ndi pa shopu yokonza mawailesi, ma TV ndi mafoni a m'manja, kuseri kwa msewu wa Cairo. Mwini wake ndi ba Kangwa. Koma musasangalale msanga. Tsiku loyamba ndinawauza kuti ndakulira pa benchi ya bambo anga ku Kamwendo, kuti chowotcherera ndinayamba kuchigwira ndili Sitandade 5, kuti maso anu atayamba kuvuta mawailesi a anthu ndinkakonza ndine. Anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenako anandipatsa tsache ndi kabuku kolembamo mayina a makasitomala.

Wokonza zinthu pa shopupo ndi ba Chisanga. Bambo, mukanawaona mukanatuluka panja. Poyesa wailesi ya galimoto amagwiritsa batire lakale la minibasi, lotha mphamvu, lodontha asidi pansi pomwe ine ndimakolopa. Wailesi ikapanda kulira sadziwa ngati vuto ndi wailesi kapena batire, amangoyamba kuzula zinthu zabwinobwino. Lachisanu ndinalephera kupirira, ndinati, "Mwina ndi batire, ba Chisanga." Sanatembenuke n'komwe. Anati, "Iwe wa ku Malawi, siya vinthu va amuna. Pyanga uko." Kupyanga ndiye kusesa. Ndinasesa, koma tsache lija linamva ukali wanga.

Sabata yatha ba Kangwa anagula makompyuta akale makumi awiri pa okushoni ya ofesi ina ku Longacres. Amachotsamo zogulitsika, zotsalazo n'kutaya kuseri kwa shopu. Pa mulu umenewo pali timabokosi tachitsulo tokhala ndi fani ndi mtolo wa mawaya amitundumitundu. Amati pawa sapulayi, ndiye kamene kamadyetsa kompyuta magetsi. Pa kapepala ka pambali ndawerenga kuti kamatulutsa mavolti 12 ndi 5. Anthu akuvutika ndi batire lakufa pamene magetsi oyenera ali pa dzala, mvula ikuwanyowetsa.

Kalatayi ndawapatsa a Meshack aja ogulitsa kaunjika, pamodzi ndi shuga, sopo ndi chitenje cha Amayi. Denga la khitchini musakwerepo nokha, chonde. Za mapepala anga a pa boda zija tidzakambirana pamaso.

Ndine mwana wanu,
Thandazani


Chelstone
14 Malichi 2004

Okondedwa Bambo,

Ndasangalala kumva kuti Amayi malungo aja awasiya. Inenso ndili bwino, kupatula chala chimene ndinadzicheka ndi lata.

Kabokosi kaja ndinakatenga. Sindinabe. Ndinapempha pamaso pa anthu, ndipo ba Kangwa anati, "Tenga, ni vinyalala chabe." Mawu amenewa muwasunge.

Ndikulongosolereni monga mmisiri mnzanga. Ndinakasiya masiku atatu padzuwa ndisanatsekule, chifukwa mkati muli makapasita awiri akuluakulu ngati mabatire a tochi, ndipo amasunga moto ngakhale mutazula pulagi. Nditalumikiza ku magetsi kanangoti zii. Ndinapita ku Northmead kumene amalipiritsa intaneti, ndinakhalako theka la ola ndikukopera m'kope. Chinsinsi chake ndi waya wobiriwira. Ukamugunditsa kwa wakuda, bokosi limadzuka. Ndinaika swichi pakati pawo. Fani inangoti phethi, n'kuima. Ndinatsala pang'ono kulira. Kani chinthuchi sichifuna kuyaka chopanda katundu, ndiye ndinagula rezisita yaikulu ya maomu khumi, ndinaiika pakati pa wofiira ndi wakuda, n'kuimangirira kukhoma pafupi ndi fani kuti izizizira. Apo ndiye chinazungulira bwinobwino.

Achikasu onse ndi mavolti 12, ofiira ndi 5, a olenji ndi 3.3, akuda ndi a pansi. Ndinawamanga m'magulu. Ndisanaboole chitsulo ndinachotsa bolodi lonse la mkati, ndipo nditaboola ndinatola tizitsulo tonse ndi maginito a sipika yakufa. Pa mtundu uliwonse ndaikapo fyuzi ya galimoto, chifukwa chinthuchi chili ndi mphamvu yosungunula waya. Chingwe ndi cha mawaya atatu, ethi, waya wothawitsira magetsi osochera pansi, yafika pa chitsulo penipeni. Ndayeza ndi mita ya mnzawo wa ba Bwembya: 12.1 ndi 5.0, osagwedezeka.

Ntchito yonseyi ndagwirira pakhonde la azakhali, Loweruka masana ndi Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Ba Bwembya ankangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. "Uzatishokela nyumba iwe! Ba Becky, mukambeni mwana wanu." Kushoka kuno ndiye kutentha. Tsiku lina mpaka anazimitsa magetsi a nyumba yonse. Koma bokosi litayaka anabwera ndi wailesi ya galimoto yawo imene inakhala m'kabati zaka ziwiri, ndinailumikiza, inalira. Tsopano akuuza aneba onse kuti iwo anadziwa kale kuti mwanayu ali ndi mutu. Ndimangowayang'ana.

Mawa ndikulitenga ku shopu. Ndikufuna ndione ngati aseke kachiwiri.

Mtedza ukakhwima musagulitse kwa mavenda oyamba aja, sikelo zawo mukuzidziwa. Moni kwa Amayi.

Ndine mwana wanu,
Thandazani


Chelstone
18 Epulo 2004

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira Pasaka munadya bwino ndipo nonse muli moyo. Ine thupi lili bwino. Mtima ndiye ayi. Ndachedwa kulemba chifukwa ndikanalemba mwezi watha, pepala likanang'ambika.

Bokosi ndinapita nalo. Pa shelefu panali wailesi imene ba Chisanga anailemba kuti yafa. Ndinailumikiza onse akuona, inayamba kuimba. Ba Kangwa anayandikira, analizunguliza uku ndi uku, anati, "Ichi wachipeza kuti?" Ndinati ndapanga ndekha, ndi chija munati nditenge. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti, "Manje ngati chinachoka mu shopu yanga, ni changa." Ndinawakumbutsa kuti anati ndi zinyalala. Anati zinyalala za shopu ndi za shopu.

Mmawa mwake ndinalipeza alipaka penti yakuda, amatapo kapepala ka dzina la shopu, lili pa benchi ya ba Chisanga. Batire la minibasi lija analitulutsa. Ine tsache langa lomwe lija.

Izo ndikanapirira. Chimene chandiwawa ndi ichi. Lachitatu la sabata yatha kunabwera mayi wina, ba Lukonde, mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya pulayiveti ku Kabulonga. Anabweretsa TV, koma maso ake anagwera pa bokosi. Mayi ameneyu si wongoyang'ana. Anapempha mita, anayeza yekha malo onse atatu, anafunsa za mafyuzi. Anati ku sukulu kwawo ana amaphunzira za magetsi ndi mabatire a tochi amene amatha sabata iliyonse, ndipo zoyesera za m'sitolo zakwera mtengo kwambiri. Kenako anafunsa kuti, "Nindani anapanga?"

Ba Kangwa analoza ba Chisanga. "Ba injiniya bathu aba."

Bambo, munthu uja anagwedeza mutu. Bambo wamkulu, wa ana anayi, wovala kolona m'khosi, anagwedeza mutu kuvomera. Ine ndili chiimire pomwepo ndi chokolopera m'manja. Ndisanatsekule pakamwa ba Kangwa anati, "Thanda, pangila ba madamu tiyi."

Ndinapanga tiyi. Ndikubwera nayo ndinamva akumaliza kugwirizana: mabokosi asanu ndi atatu, mwezi wamawa. Langa lija mayiyo analitenga kuti akawaonetse ahedi.

Madzulo ake ndinafunsa ba Kangwa ngati asanu ndi atatuwo ndipange ndine. Anati kasitomala wa ku Kabulonga sangalipire chinthu chopangidwa ndi wosesa. Munkandiuza kuti ntchito yabwino imadzilankhulira yokha. Yalankhuladi, koma yatchula dzina la wina.

Azakhali akuti ndiugwire mtima, malo ogona ndi ntchito m'tauni muno si zoseweretsa. Ndaugwira.

Ndatumiza nsapato za pulasitiki za Amayi ndi mafuta ophikira. Chimanga mukakolola muthire mankhwala msanga, anankafumbwe a chaka chatha aja musawaiwale.

Ndine mwana wanu,
Thandazani


Chelstone
23 Meyi 2004

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndaona kuti analemba ndi Amayi. Ndiye kuti maso aja akuipiraipira ndipo mukundibisira. Mukapite ku chipatala cha ku boma, musadikire ine. Kuno kwayamba kuzizira, koma ndili bwino.

Mabokosi aja apangidwa. Ba Chisanga sanandifunse kanthu. Langa lisanapite anangolitsekula, kusuzumiramo kamphindi, n'kutseka. Asanu ndi atatu onse anawamaliza masiku anayi.

Ndinkasesa pafupi dala kuti ndione. Amaboola chitsulo bolodi lili momwemo, tizitsulo tikugwera pa zinthu za mkati, iwo n'kungouzira ndi pakamwa kawiri. Fyuzi sanaikemo ndi imodzi yomwe. Zingwe anagula zotchipa ku msika, za mawaya awiri, pulagi ya mano atatu koma dzino la ethi lilibe kanthu. Limodzi ndinaona ndi maso anga akukanikiza chivundikiro ndi bondo chifukwa mawaya anadzaza, wina atapanika m'mphepete.

Ndinadikira makasitomala atuluke kuti ndisawachititse manyazi. Ndinati, "Ba Chisanga, popanda ethi, waya wa moto akakhudza chitsulo, wogwira bokosi ndiye athera pomwepo. Awa akupita kwa ana a sukulu."

Anati, "Manje ufuna kuniphunzisa nchito? Vonse viyaka. Ona fani."

Ndinapita kwa ba Kangwa. Ndinawafotokozera zonse, ndinati andipatse masiku atatu okha ndikonze, dzina likhale la ba Chisanga lomwelo, ine sindikulifunanso. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akuseweretsa makiyi a galimoto. Kenako anafunsa mofatsa kuti, "Thanda, pepala yako ya pa boda inasila liti?" Kusila ndiye kutha, ndipo pepalalo linathadi kale. Anati, "Ba imigileshoni bali chabe pafupi apa. Ine sinikonda kuvuta bantu. Na iwe usanivute."

Lachinayi tinakapereka. Ananditenga kuti ndikanyamule. Ku Kabulonga ndi mipanda yaitali, alonda pa geti, agalu onenepa kuposa mbuzi zathu. Chipinda cha sayansi ndi chokongola, matebulo aatali, mipopi ya madzi pa tebulo lililonse. Mipopi yachitsulo, Bambo. Inu mukudziwa chimene ndinaganiza nditaiona.

Ba Lukonde anatilandira mwansangala. Anayeza mavolti, anali bwino. Anafunsa kuti, "Vonse vili monga cija coyamba?" Ba Kangwa anati, "Ndendende, madamu." Ine ndinali nditanyamula bokosi lomaliza. Mayiyo anandiyang'ana, n'kumwetulira, n'kunena kuti ndiike apo. Ndinaika. Sindinanene kanthu.

Chibwerere kumeneko chakudya sichikulowa. Azakhali akuti si mlandu wanga, ndinachenjeza eni ake. Inu mukanatani? Mundiyankhe ndi mawu anu, Amayi angolemba.

Ndine mwana wanu,
Thandazani


Chelstone
27 Juni 2004

Bambo,

Ndili moyo, musade nkhawa. Ndikhulupirira inunso muli bwino. Kalata iyi akuwerengereni a Meshack kuseri, Amayi asaimve yonse.

Pa 8 mwezi uno, mmawa ana asanalowe, ba Lukonde ankakonza matebulo. Dzanja limodzi linali pa bokosi, linalo anagwira mpopi. Magetsi anawagwira, anawaponyera pa sinki. Dzanja lamanja linapsa ndipo mkono unathyoka pogwa. Ali moyo. Anagona m'chipatala masiku asanu.

Apolisi anabwera ku shopu tsiku lotsatira. Anafunsa amene anapanga mabokosi. Ba Kangwa sanachedwe n'komwe. Anandiloza. "Uyu. Ndiye anabwela na nzelu iyi. Bonse pano baziba." Ba Chisanga anali kuyang'ana pansi, akupukuta sikuludiraiva imene inali yoyera kale.

Mwamva, Bambo? Pa tsiku loyamikira, injiniya anali wina, ine wa tiyi. Pa tsiku la apolisi ndakwezedwa udindo.

Apolisi ananditenga, ndinakhala masiku awiri kumalo amene sindikufuna kuwalongosola. Juzi ndinalibe. Ba Bwembya ndi amene anadzandisainira kuti nditulukire kunja, ndipo sananditonze ngakhale liwu limodzi, zimene sindinayembekezere. Ndimakaonekera ku polisi Lolemba lililonse. Ntchito inatha, simukufunikanso kuuzidwa.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Mundikhululukire.

Thandazani


Chelstone
25 Julayi 2004

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi Amayi. Ndamva kuti ku chipatala akupatsani tsiku la opaleshoni ya diso. Mulungu atsogole. Ine chifuwa chimene ndinachitenga m'chitokosi chatha.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse ndimakwiya koposa. Mukuti ndipite kwa abwana ndikagwade, ndikapepese, akachotse mlandu, ndibwerere kumudzi. Mukuti kwa eni kulibe mkuwe. Ndipepese chiyani, Bambo? Kuti ndinatola chotayidwa n'kuchidzutsa? Kuti ndinachenjeza? Inu amene munabweza wailesi ya a kapitawo a ku esiteti chifukwa ankafuna muike waya m'malo mwa fyuzi, lero mukundiuza ndikagwadire munthu woteroyo? Sindinapite ndipo sindipita. Mundikhululukire kulankhula chonchi, koma munandilera ndinu.

Kumene ndinapita ndi kwa ba Lukonde. Mlonda wa pa sukulu anandiuza kuti amakhala ku Woodlands. Ndinaima pa geti kuyambira mmawa mpaka dzuwa pamutu. Atatuluka, mkono uli m'chikhakha, anandizindikira. Anati, "Ndiwe? Ulibe nsoni?" Ndinati sindinabwere kudzapempha chifundo, ndikupempha chinthu chimodzi: mabokosi onse asanu ndi anayi atsekulidwe pamaso pawo, ndipo iwo, monga odziwa magetsi, aweruze okha ngati anapanga ndi munthu mmodzi. Anati tikumane Lolemba.

Lolemba tinakumana m'chipinda chija, ahedi alipo, ndi wapolisi amene akuyendetsa nkhaniyi. Ndinatsekula langa poyamba. Kenako lija linawavulaza. Sindinafunike kulankhula zambiri. Waya wa moto anali atapanika pa chivundikiro, chikopa chake chitadukira pa chitsulo. Nditapendeketsa bokosi pa pepala loyera, tizitsulo tinagwa ngati mchere. Ba Lukonde anatenga mita ndi dzanja lamanzere, anayeza ethi pa onse. Langa lokha ndi limene linayankha. Ndinawaonetsanso kope langa lija, muli zojambula ndi masiku. Wapolisi anandifunsa mafunso a mawaya, ndinayankha. Anati akawafunsanso ba Chisanga omwewo.

Mtima unayamba kutsika. Ndiye ba Lukonde anatembenuka.

"Pamene munabwelesa, unali unaziba kuti mulibe ethi?"

Ndikanatha kunama, Bambo. Panalibe wonditsutsa. Ndinati ndinkadziwa.

"Ninafunsa pamenso pako. Unankala chabe zii."

Ndinayamba kufotokoza za mapepala anga, za zimene ba Kangwa ananena. Anandidula. Sanakweze mawu.

"Pa tebulo ija pamankala bana banayi ba giredi naini. Nikanachedwa pang'ono, sembe anagwila ni mwana wa bene. Pepala yako inali kuzamuukisa?"

Miyezi yonseyi ndakhala ndikukwiyira ba Kangwa, ba Chisanga, ngakhale inu, ndipo mkwiyo umenewo sindikuubweza, ndi woyenera. Koma pa tsiku lija pakamwa panali panga. Kwa mayi ameneyu ndiye ndinapepesa, ndipo ndinagwada osauzidwa ndi munthu. Anangoti, "Nyamuka." Sananene kuti andikhululukira.

Lachisanu apolisi anandiuza kuti ndisiye kukaonekera. Nkhani yatsala pakati pa sukulu ndi shopu. Za mapepala wapolisi uja anangoti ndikonze msanga, iye sanamve kanthu.

Kumudzi sindibwera panopa. Tsiku la opaleshoni mundiuze, ndidzayesetsa.

Ndine mwana wanu, ngakhale wamakani,
Thandazani


Kabwata
3 Okutobala 2004

Okondedwa Bambo,

Nditaona kalata yolembedwa ndi dzanja lanu, ngakhale mizere ikutsetsereka, ndinakhala pansi. Diso limodzi likuona! Linalo lidzatsatira. Musathamangire ku benchi, adokotala anati miyezi iwiri, ndipo Amayi ndawauza kuti abise chowotcherera. Ine ndili bwino, kungoti kwatentha, fumbi lili paliponse.

Mwaona pamwambapa kuti ndalemba Kabwata. Kugona ndikugonabe kwa azakhali, koma masana ndimakhala pa msika wa kuno. Mnzawo wa ba Bwembya ali ndi malo ometera, wandilola kuika tebulo pakhonde ndi kukoka magetsi. Tebulo ndi chitseko chakale. Ndimakonza mawailesi, ma chaja ndi mafoni. Anthu amayamba aima patali kuyang'ana mkazi akuwotcherera, kenako amabwera ndi katundu. Okonza anzanga awiri a pamsika pano andipempha kuti ndiwapangire mabokosi awo. Za mapepala azakhali anandiperekeza, zili m'njira, ndisanene zambiri zisanatheke.

Sukulu ija inandipatsa mabokosi asanu ndi atatu aja kuti ndiwapangenso. Awiri ndinawakana, mabolodi ake anali owonongeka, ndinawauza kuti awataye. Asanu ndi limodzi ndinawamasula mpaka pansi. Ba Lukonde amabwera okha kudzatenga, awiriawiri, ndipo lililonse amaliyeza pamaso panga asananyamule. Chikhakha anachotsa, koma zala ziwiri sizipindika bwino, choko amagwirira kumanzere. Samwetulira nane. Amati "Muli shani," moni wa kuno, ndimayankha, amayeza, amapita. Sindikudandaula. Ulendo womaliza anandiuza kuti mnzawo wa sukulu ina adzandifuna.

Tsopano imvani izi. Lachiwiri masana ndikudya chinangwa, ndinaona munthu ataima kutsogolo kwa tebulo ndi jumbo m'manja. Ba Chisanga. Aonda. Ba Kangwa anawachotsa ntchito mwezi wa Ogasiti, atauza sukulu kuti iwo monga mwini shopu sankadziwa kanthu, ananamizidwa ndi wantchito. Shopu ikuyendabe, analemba wina.

Sanandipatse moni wabwino. Anatulutsa pawa sapulayi m'jumbomo, anaiika pa tebulo langa. Anati ku Chelstone kuli okonza mafoni amene akufuna mabokosi otere, ndipo iwo ali ndi ana anayi. Anati, "Nionetseko chabe pamene ninalakwisa."

Ndinawafunsa ngati akukumbuka mmene anagwedezera mutu. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuzizira kwa simenti mwezi wa Juni. Ndinawafunsa kuti pamene apolisi ankanditenga, sikuludiraiva ija inayera? Ndinalankhula mokweza, ometa ndi ometedwa onse anatuluka kudzaonerera. Iwo sanapepese. Nditamaliza anayamba kubweza chinthu chawo m'jumbo.

Apo ndinazindikira kuti akachoka pano akapangabe. Ndiwaonetse, ndisawaonetse, akapanga, chifukwa ana anayi aja ayenera kudya, ndipo akagulitsa kwa munthu amene sadzatsekula kuti aone mkati.

Ndinati, "Khalani pansi apo."

Anakhala pa kireti ya mabotolo. Ndinawachotsetsa bolodi ndi manja awo asanaboole. Ndinawatoletsa tizitsulo ndi maginito, kawiri, chifukwa koyamba anasiya. Ndinawaikitsa mafyuzi. Ethi anamanga katatu ndisanavomere. Tinamaliza dzuwa litapendeka. Ndinawauza kuti lililonse limene apange azibwera nalo ndiliyeze lisanapite kwa munthu, ndipo ndikadzamva kuti agulitsa losayezedwa, ku polisi ndidzapita ndekha, mapepala akhalepo asakhalepo. Anati, "Namvela." Anapita.

Azakhali akuti ndine chitsiru, ndaphunzitsa mdani kuti adzandilande makasitomala. Mwina. Musaganize kuti ndawakhululukira ba Chisanga, Bambo, ndipo musandilembere za chikhululukiro, abusa a kuno akwanira. Dzulo ba Chisanga anabwera ndi bokosi lachiwiri. Ndinaliyeza, linali bwino, ndinawauza kuti lili bwino. Mawu ena sitinalankhulane.

A Meshack akupatsani magalasi a dzuwa, muzivala mukatuluka. Amayi ndawagulira mbewu ya nyemba za ku Solwezi, ayese pa dimba mvula isanayambe.

Ndine mwana wanu,
Thandazani